Jekete Lili Pampando, Nyali Yathima

Mwana wanga Reinford ananditenga ku Area 4 m'mawa, ati tikupita kwa dokotala wa maso, koma anakanditula mu ofesi mwake ku City Centre, m'nyumba yosanja imene masiku ano nyali zake zimayaka zokha munthu akalowa, n'kuthima zokha akatuluka. Zaka zonsezi iye ankangokoleka jekete pampando, kusiya nyali ikuyaka kuti azioneka ngati wangotuluka pang'ono, n'kuthawira ku khola lake la nkhuku ku Area 25. Tsopano nyali yayamba kumuulula, ndipo bwana wake wamkulu, a Msowoya, amene amayenda pakhonde akusuzumira pagalasi la chitseko chilichonse, anamuuza kale kuti akadzamusowanso kamodzi kokha ntchito yatha, ntchito yomwe timadyera ine ndi adzukulu anga.

Ndiye anaitanitsa Che Ayubu, mmisiri wa zamagetsi wa ku Old Town amene anaika zinthuzi, bambo wamkulu ndithu, wa ndevu zake, koma womva chilichonse monga mmene chatulukira pakamwa. Analowa ndi makwerero paphewa, n'kuodira atalowa kale.

"Odi, bwana. Mwadzuka bwanji, agogo? Akuti nyali yavuta."

"Yavuta kwambiri," anatero Reinford, maso ali pawotchi. "Ikuthima."

Che Ayubu anayang'ana kudenga. "Ikuyakatu."

"Panopa ikuyaka. Ndikatuluka ikuthima."

"Eya."

"Eya chiyani?"

"Eya, ili bwino."

"Che Ayubu, sindinakuitaneni kuti mudzandiyamikirire nyali. Chotsani kanthu ako."

Analoza kudenga, pamene pali kadiso koyera ngati dzira la njiwa. Ine ndinali nditakaona kale polowa, ndipo mpango ndinali nditautsitsa mpaka m'zikope. Chinthu chokhala ndi diso koma chopanda nkhope musamachiyang'ane kawiri.

"Sensa imeneyo? Ayi, bwana, sichotsedwa. A Msowoya anati nyumba ino imadya magetsi ngati chigayo. Zipinda zopanda anthu, koma nyali ngwee, ngakhale Loweruka."

"Ine ndikufuna suwichi yanga yakale. Ya chala. Tha, yayaka. Tha, yathima."

"Kuti muziithimitsa nokha potuluka?"

"Kuti ndizisankha."

"Kusankha chiyani?"

"Kuthimitsa kapena kusathimitsa!"

"Mutatuluka?"

"Eya!"

"Ndiye iziwalira ndani?"

Reinford anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Ali mwana ankachita chimodzimodzi ndikamufunsa kumene kwapita shuga.

"Akuba," anatero potsiriza.

"Mukufuna iziwalira akuba?"

"Iziwaopseza! Chipinda chamdima chimaitana akuba."

"Masana, bwana? Pansi pali alonda."

"Alonda amagona."

"Musadandaule. Wakuba akalowa, iyaka yokha."

"Ehe! Ndiye mwatipangira nyali yoti mwini wake akachoka ithime, wakuba akabwera imuunikire pamene pali kompyuta?"

Che Ayubu anakanda ndevu, akuganiza ndithu, osati zoseka. "Zoona. Koma akatuluka nayo kompyutayo ithimanso. Magetsi sawonongeka."

Mwamvatu. Anthu amene akuyendetsa tauni yathu ndi amenewa. Mukamagona muzitseka ndi mpiringidzo.

Foni ya Reinford inalira. Anali mayi wina wophika zakudya pa Msika wa Lilongwe, amene amagula nkhuku zake zonse pakamodzi. Mawu ake ankamveka chipinda chonse: ali kale pageti la khola, ndipo akachedwetsedwa akagula kwina.

"Ndili m'njira, mayi," ananong'ona Reinford, atabisa pakamwa ndi dzanja. "Ndili pa raundabauti."

Che Ayubu anayang'ana pansi, anayang'ana makoma. "Bwana, muli mu ofesi."

"Sindikuyankhula ndi inu!"

"Ndimati mwina mwasokonezeka."

Reinford anaponya foni padesiki. "Chabwino. Nyaliyo tibwererako. Galimoto ija yadzaza?"

Ankanena galimoto ya ofesi, ya magetsi, imene inali pansi pa nyumbayo itamangidwa ku chipilala ndi chingwe chonenepa ngati nsato, ati ikutchaja monga foni. Ilibe utsi, ilibe kulira, imangoti nyomi pambuyo pako ngati mfiti. Galimoto yosatsokomola ndi imene idzatimalizire ana m'misewu, mudzandikumbuka.

"Sinadzaze, bwana. Magetsi anathima m'mawa, nyumba yonse ikuyendera sola ya padenga. Sola imayamba yadyetsa maofesi. Galimoto imadya makombo."

"Ndiye ipatseni ambiri."

"Thimitsani eyakoni."

Analoza chimakina cha pakhoma chimene chinkandiuzira mphepo ya mu Juni m'khosi chifikireni. Reinford amafuna chizingolira kuti wodutsa pakhonde azimva ngati muli munthu.

"Imeneyo sithimitsidwa. Ndikumva kutentha."

"Mwavalatu juzi."

"Ndi juzi yopepuka."

"Nanga agogowa akunjenjemera bwanji?"

"Ndi mantha. Akwera chikepe koyamba."

Chikepecho ndinachiopadi, sindikana. Bokosi lotseka lokha, lopanda woyendetsa, munthu wanzeru salowamo akuseka. Koma mano anga ankagundana chifukwa cha chimakinacho.

"Njira yachidule ilipo," anatero Che Ayubu, nkhope itawala ngati watola kanthu. "Tulukani nonse. Nyali ithima, eyakoni ithima, nayonso imamvera sensa. Galimoto idya mpaka kukhuta."

"Ine ndikufuna chipinda chiyake, galimotonso idye."

"Mukufuna kukhala muno kapena kupita?"

"Zonse!"

"Zonse sizitheka, bwana. Ngakhale kwathu ku mzikiti munthu sakhala mkati nsapato zili kumapazi."

"Zikugwirizana bwanji zimenezo?"

"Sindikudziwa, ndangokumbukira. Galimotoyo mukupita nayo kuti?"

"Kuchipatala. Ndi amayi."

Che Ayubu anatsamiritsa makwerero kukhoma mofulumira. "Agogo akudwala? Bwanji osanena? Ndiwaimbire a Msowoya, athimitse nyumba yonse, galimoto idye msanga."

"Ayi! Bwezani foniyo m'thumba! Sakudwala kwambiri."

"Akudwala pang'ono?"

"Maso chabe."

"Ooo! Ndiye chifukwa chake mukulimbikira nyali!"

"Eya! Eya, ndi chimenecho. Mwayamba kumva tsopano."

"Koma akapita kuchipatala, masowo apita nawo."

Reinford anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Komanso, bwana, galimoto imene ija muziyenda nayo mosamala. Dzana ndinapezamo nthenga kumbuyo, ndi gaga. Ndikuganiza kuti pali pena pamene mbalame zikulowera. Ndafufuza pansi ponse, bowo sindikulipeza."

"Muzifufuzabe."

"Ndifufuza, bwana."

Munthu wa ana ake, ndevu mpaka pachifuwa, kukwawa pansi pa galimoto kusaka bowo la mbalame. Wina wabodza, wina wokhulupirira bodza, ine pakati ndikuzizidwa.

Reinford anatseka chitseko bwinobwino, n'kutsitsa mawu. "Che Ayubu, tikambe ngati akuluakulu. Kadiso aka kamaona chiyani kwenikweni?"

"Chinthu chofunda chikamayenda."

"Jekete?"

"Jekete si lofunda."

"Ili ndi laubweya. Ndinachita kusankha belo litangotsegulidwa."

"Limafunditsa munthu, bwana. Palokha ndi lozizira."

"Nditalimangirira ku fani kuti lizigwedezeka?"

"Ligwa."

"Nditalisita kaye?"

"Lizizira."

"Mphaka?"

"Mphaka amagona. Ithima."

"Nkhuku?"

"Aa, nkhuku ndiye eya. Ndi yofunda, siikhazikika. Ikhoza kuyatsa tsiku lonse."

Maso a mwana wanga anawala kuposa nyali ija.

"Koma bwana, nkhuku ikufuna nyali ya chiyani mu ofesi?"

"Ndikungofunsa."

"Alonda salola ziweto. Nkhuku ya anzanu a Harry ija anagula ya Khirisimasi inagona kugeti."

"Ndati ndikungofunsa!" Kenako ndinaona khosi lake likutembenuka pang'onopang'ono, mpaka maso anafika pa ine. "Nanga munthu wachikulire? Atakhala pampando apo, kuseri kwa jekete, n'kumakweza dzanja pafupipafupi?"

"Aliyense wamoyo, bwana."

Apo ndiye ndinakweza mpango.

"Iwe Reinford," ndinatero. "Dokotala wa maso uja ndi ameneyu?"

"Amayi, kuchipatala tipita. Mawa."

"Wandisambitsa m'mamawa, wandivalitsa chitenje cha kutchalitchi, wandilowetsa m'bokosi lokwera lokha, kuti udzandiike pamene alonda akaniza nkhuku?"

"Si zovuta, amayi. Kungotere basi." Anakweza dzanja n'kuligwedeza. "Ngati mukutsazika munthu pa depoti."

"Ndizitsazika ndani? Chinthu sindichidziwa mtundu wake, ndizichipatsa moni tsiku lonse? Chikandizolowera? Mawa chidzanditsatira ku Area 4, chidzayambe kuwerenga adzukulu anga."

"Sichitsika, agogo," anatero Che Ayubu mwaulemu. "Ndinachimanga zolimba."

"Inu khalani chete. Ndinu munachibweretsa."

Ndinapinda manja m'khwapa, kuti ngakhale chala chisaoneke.

"Koma bwana," anatero Che Ayubu, "agogo akakhala muno, kuchipatalako mupita ndi maso a ndani?"

"Che Ayubu, kodi munabadwa chonchi kapena munagwa pamakwerero?"

"Ndinagwapo kamodzi, ku Area 14. Koma ndinagwera mwendo."

Foni inaliranso. Reinford anaiyang'ana, osaigwira.

"Komabe mwachita bwino kundiitana," anapitiriza Che Ayubu, akupukuta manja paovolo. "Chipinda chino ine ndimayesa mosungira katundu. Chiikireni masensa, ndikadutsa pakhonde, muno mdima. M'mawa mdima, masana mdima. A Msowoya anati zipinda zopanda anthu ndiziwauza, tizitseke, magetsi ake apite ku galimoto. Chino ndimati ndikawauze lero."

Ndinaona thukuta likutuluka pamphumi pa Reinford, chimakina chija chikuuzira chomwecho.

"Mukawauze kuti chiyani?"

"Kuti simukhala munthu."

"Ine ndimakhala muno! Tsiku lonse! Ndimadyera muno!"

"Mumdima?"

"Mumdima! N'zimene ndakuitanirani!"

"Munati ikuthima mukatuluka."

"Ikuthimanso ndikakhala."

"Simunanene."

"Ndikunena pano!"

Che Ayubu anayang'ana kadiso kaja ngati mwana wake amene wamunamizira kuba. "Simugwedezeka, bwana?"

"Ntchito yanga ndi ya mutu. Mutu suyenda."

"Cholembera?"

"Ndimalemba pang'onopang'ono."

"Kukanda pamsana? Kuyasamula?"

"Ndinaphunzira, ine. Sindikanda mu ofesi."

"Tiyi?"

"Ndimamwa m'maganizo. Che Ayubu, mukundiyesa wabodza pamaso pa amayi anga?"

Anandiyang'ana onse awiri. Ine ndinayang'ana pawindo. Mwana ndi wanga, koma bodza si langa.

"Ayi, bwana, sindingatero. Koma mmisiri sakonza chimene sanachione. Tiyese. Khalani mmene mumakhalira."

"Panopa?"

"Panopa. Ikathima muli pampando, ndiye kuti mukunena zoona, sensa sikukuonani."

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Kanthawi ndithu. Imayamba yadikira, kuopa kuthimira munthu."

"Ndili ndi changu!"

"Changu cha kuti? Si mumakhala muno tsiku lonse?"

Reinford anakhala pansi. Anakoka mpando, anaika manja padesiki, anatuzula maso pa kompyuta imene sanaiyatse n'komwe. Che Ayubu anakaima pakona, manja m'mbali ngati msilikali.

"Agogo, inunso musagwedezeke. Kuphethira kokha."

Ine kugwedezeka ndinali ndilibe nako ntchito. Tinakhala chete anthu atatu akuluakulu, kudikira nyali. Amene anapita kusukulu, amene anaphunzira ntchito ya manja, ndi ine amene ndinabereka. Ndinaganiza za malemu bambo ake a Reinford, kuti bola anapita asanaone zimenezi.

Kenako mphepo ija inandilowa m'mphuno.

"Etsiii!"

"Amayi!"

"Yawaona agogo," anatero Che Ayubu. "Tiyambirenso."

"Kuyetsemula chabe?"

"Anagwedeza mutu ndi mapewa. Komanso inu mwatembenuka."

"Ndatembenuka chifukwa ayetsemula!"

"Sensa sifunsa chifukwa, bwana."

Tinayambiranso. Patapita kanthawi foni inayamba kunjenjemera padesiki, ikuyenda yokha kulowera kumphepete. Reinford ankaitsatira ndi maso okha. Itafika pakugwa, anaiwakha.

"Tiyambirenso."

"Ikanasweka!"

"Zoona. Tiyambirenso."

"Che Ayubu, tangovomerezani kuti yathima. Ndani adziwe?"

"Koma ikuyakatu, bwana. Onani."

"Ndikuiona!"

"Nayonso ikukuonani. Ndiye vuto lake pamenepo."

Ulendo wachitatu Reinford anaika foni pakati pa desiki, anapuma mpweya wambiri, n'kuuma gwa. Sindinamuonepo atakhala chete chotero chibadwire, ngakhale pa ubatizo wake analuma abusa chala. Foni inalira. Inalira mpaka inatopa. Inayambanso. Uthenga unalowa, ndipo ngakhale ine wosadziwa kuwerenga ndinadziwa kuti mayi wa kumsika uja wanyamuka ndi madengu ake. Ntchentche inabwera, inatera pamphuno pake, inayenda mpaka pamlomo, inapukuta manja ake pomwepo. Iye osaphethira. Msozi unatsika tsaya limodzi. Mwendo wanga unachita dzanzi. Che Ayubu pakona paja anatseka maso, sindikudziwa ngati ankapemphera kapena ankagona.

Tha.

Nyali inathima. Chimakina chija chinapuma, chipinda chonse zii.

"Mwaona!" Reinford analumpha, mpando kugwera uko. "Mwaona! Yathima ndili momwemo!"

Nyali inayaka.

"Yakuonani," anatero Che Ayubu.

"Chifukwa ndalumpha!"

"Ndiye muzilumpha."

"Ndizigwira ntchito ndikulumpha?"

"Osati nthawi zonse. Mwa apo ndi apo."

"Che Ayubu! Inathima kapena sinathime?"

"Inathima, bwana."

"Ndinali muno kapena kunja?"

"Munali muno."

"Ndine wabodza?"

Che Ayubu anavula chipewa chake n'kuchigwira pachifuwa. "Pepani, bwana. Ndakulakwirani. Masiku onsewa muli mumdima, osadandaula, osauza munthu. Ine ndikudutsa pakhonde pomwepa, kumati ndi mosungira katundu. Ndi chifukwa chake maso avuta pabanja panu. A agogo ndi awa, anu akutsatira."

"Basi, zapita. Kwerani makwerero, chotsani kadisoko, bwezerani suwichi yanga."

"Lero lomwe, bwana."

"Panopa."

"Panopa. Kungoti wololeza ndi a Msowoya okha." Foni inali kale m'manja.

"Musaimbe!"

"Nkhani yake ndi yabwino, bwana."

"Ndati musaimbe! Ndikawauza ndekha! Mawa!"

"Mukhalenso tsiku lina mumdima? Mulungu angandilange. Ikuitana kale."

Reinford anatambasula dzanja kuti alande, koma Che Ayubu anazembera kuseri kwa makwerero aja. Mwana wangayu ndinamuuza ali mnyamata kuti dzenje ukamakumba uzisiya popondera potuluka. Samva.

"Halo, bwana mkubwa. Ndine Ayubu. Ndili kwa a Reinford... Ayi, alimo, ndi awa... Eya, ndi maso anga... Ndi amayi awo... Ayi, nkhani ndi ya sensa. Sikuwaona. Akuti amakhala muno tsiku lonse, kungoti sagwedezeka... Eya, bwana, chiikireni... Ntchito yawo akuti ndi ya mutu... Tayesa, inathimadi ali pampando. Ntchentche inawatera pamphuno, osaiingitsa."

Reinford ankagwedeza manja onse awiri ngati akuimitsa minibasi.

"Panopa akugwedezeka, bwana, koma ndi chisangalalo... Akufuna suwichi ya chala, yoti isamathime... Ati iziopseza akuba... Ayi, za nkhuku anangofunsa chabe."

Reinford anakhala pansi, pasimenti penipeni.

Kenako Che Ayubu anangomvetsera. Anamvetsera nthawi yaitali, akugwedeza mutu. "Eya, bwana... Eya... Aa, akondwa kwambiri... Ndinyamula ndekha, si yolemera."

Anabweza foni m'thumba, akumwetulira mano onse.

"Muli ndi mwayi, bwana. Munthu uja ndi wachifundo."

"Ati chiyani?" Mawu a Reinford anatuluka ang'ono ngati a mwanapiye. "Ntchito?"

"Ntchito ilipo. Ati wantchito wopirira chonchi sangamutaye."

Ndinapuma. Adzukulu anga adya.

"Ndiye muchotsa?" Reinford anadzuka, akusasa fumbi kumbuyo.

"Ayi, chipinda chino ati titseke ndithu. Magetsi ake apite ku galimoto."

"Nanga ine?"

"Mwapeza zimene mumafuna, bwana. Nyumba yonse ino chipinda cha suwichi ya chala chatsala chimodzi, chawo. Desiki yanu ndikaiika moyang'anizana ndi yawo." Anaweramira desiki, n'kuigwira mbali imodzi. "Gwirani uko. Ati musadandaule, ngakhale mukhale chete ngati mwala, iwo azikuonani tsiku lonse."